Ulendo wa ku Sukulu ya Madokotala

Kwathu kuno mwana wa mlongo wako akaloŵa m'vuto, mlandu sufikira wina ai, koma iwe malume wake. Nchifukwa chake sindidadabwe pamene mlongo wanga adafika pakhomo panga tsiku lina m'mamaŵa, mame asanakamuke, nakhala pakhonde kanthaŵi osanena kanthu. Titapatsana moni adati, "Achimwene, mwana uja wasiya kuimba lamya. Ndikamuimbira ine amangoti ali bwino, koma mau ake si ake. Dzulo wanena kuti afuna kubwerera kumudzi."

Mwana ameneyu ndi mtsikana wa zaka 20, woyamba m'mbumba yathu yonse kusankhidwira ku sukulu ya udokotala. Tsiku limene dzina lake lidatuluka amayi a m'mudzi adaluluta mpaka mau kusasa, ndipo kuyambira pomwepo akulu ndi ana omwe adaleka kumtchula dzina, namangoti "adokotala". Chaka chokonzekera adachimaliza bwino. Tsono ali m'kati mwa chaka choyamba cha udokotala weniweni, chimanga chili kuuma m'minda, ndi pamene akuti afuna kubwerera! Ndidamuuza mlongo wanga kuti nkhani yotere sakambira pa lamya. Ndidapita kwa abusa kukapempha kalata ya mpingo ya mwanayo, imene tidaiŵala kumtengera pamene ankachoka, ndipo Lachisanu m'mbandakucha ndidanyamuka nditasenza kathumba ka ufa, nyemba ndi mtedza.

Njira ya kumwera

Phiri la Nkhoma lidali likadafunda nkhungu pamene galimoto lidatitsitsa pa Kamphata, pamene mseu wathu umakomana ndi mseu waukulu wochokera ku Lilongwe. Apo ndidakwera basi ya ku Blantyre. Amene sadayendepo njira imeneyi adziŵe kuti munthu amaona maiko atatu tsiku limodzi popanda kutuluka m'Malaŵi.

Loyamba ndi dziko la mapiri ndi mphepo, kuyambira pa Linthipe, kudzera pa Dedza ndi Bembeke, kumene anthu savula majuzi ngakhale dzuŵa lili pamutu. Pa Lizulu mseu ndiwo malire: ku dzanja lamanzere ndi Malaŵi, ku dzanja lamanja ndi Mozambique. Amayi ogulitsa kachewere, kabichi ndi tomato amaoloka malireŵa kambirimbiri pa tsiku popanda wofunsa chiphaso, pakuti chinenero chao nchimodzi ndipo maliro amalirira pamodzi.

Lachiŵiri limayamba mukangopitirira Ntcheu. Mseu umatsetsereka, majuzi amavulidwa, ndipo pofika pa Chingeni ndi Phalula thukuta lili kamukamu. Kuno ndi kwa milambe, mitengo yonenepa ija yooneka ngati idadzalidwa chozondoka. Matumba a makala amandanda m'mbali mwa mseu, ndipo mapiri a kumbuyo kwake, amene makalawo amachokera, ayamba kumera dazi.

Lachitatu limayamba mukaoloka mtsinje wa Shire pa Zalewa. Basi imayambanso kukwera, kudzera pa Lirangwe ndi Lunzu, mphepo yozizirira nkubwerera, mpaka mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru atatulukira, mzinda uli gonere pakati pao.

Ndili m'basimo ndidalingalira za mtunda umenewu, woposa makilomita 250. Ife makolo timakweza mwana basi ndi sutikesi ndi bulangete, nkubwerera kumudzi mtima uli m'malo, tikumati wafika. Sitiganiza kuti mwanayo waoloka mitsinje ina imene siioneka pa zenera la basi.

Pakati pa chipatala ndi sukulu

Kuchokera pa Wenela ndidakwera minibasi mpaka pa Ginnery Corner, pamene pali chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene chidatsegulidwa mu 1958. Anthu a ku Blantyre amangoti "ku Gulupu" kapena "ku Kwinzi". Ndi mudzi pachokha. Makonde ataliatali amalumikiza nyumba za odwala, ndipo pa kapinga wa pakati pake pamakhala amayi odikirira abale ao, atayanika zitenje, mabeseni ndi mapoto zili pambali. Ena achokera ku Nsanje, ena ku Mulanje, ena kutsidya kwa malire. Kufupi ndi chipatalachi, m'mbali mwa mseu wa Mahatma Gandhi, ndi kumene kuli sukulu imene ndinkafuna, ndipo wophunzira amayenda pansi kuchokera m'kalasi kukafika pa bedi la wodwala.

Sukuluyi si yakale monga ena aganizira. Kwa zaka zambiri Mmalaŵi wofuna udokotala ankayenera kuoloka nyanja. Dr. Daniel Malekebu adatsiriza maphunziro ake ku Meharry, ku America, mu 1917, nabwerera kwao ku Chiradzulu mu 1926. Dr. Kamuzu Banda adatsiriza pa sukulu yomweyo mu 1937, napitiriza ku Edinburgh. Dr. Vida Mungwira, mayi woyamba wa dziko lino kukhala dokotala, adaphunzira ku Bristol. Ngakhale titalandira ufulu mu 1964, ana athu adapitirirabe kutumizidwa kunja, ndipo ambiri mwa iwo sankabwerera.

Sukulu ya udokotala ya kuno kwathu idatsegulidwa mu 1991 monga nthambi ya Yunivesite ya Malaŵi. Ophunzira ake oyamba adali amene adayambira maphunziro ao ku Britain, nabwera kudzatsirizira ku Blantyre, ndipo adalandira madigiri ao mu 1992. Mkulu woyamba wa sukuluyi adali Profesa Geoffrey Dahlenburg wa ku Australia. Pambuyo pake udindowo udagwera Profesa John Chiphangwi, dokotala wa azimayi amene adalimbikira kwambiri kuti sukuluyi ikhalepo, ndipo nyumba ya mabuku ya pasukulupa imadziŵika ndi dzina lake. Kuyambira mu 1994 ophunzira adayamba kuphunzira zonse kuno kwathu, kuchokera chaka choyamba. Mu 2021 sukuluyi idaphatikizana ndi sukulu ya anamwino ya Kamuzu, nizikhala yunivesite imodzi yotchedwa Kamuzu University of Health Sciences.

Makolo ambiri sadziŵa kutalika kwa njira imene mwana wao waiyamba. Wochokera ku Folomu 4 amayamba ndi chaka chimodzi chokonzekera. Kenaka pali zaka 5 za udokotala: zoyambirira amathera m'kalasi kuphunzira mapangidwe a thupi ndi magwiridwe ake a ntchito, zotsatira amathera m'zipatala, osati ku Blantyre kokha komanso ku Lilongwe ndi ku Mangochi. Akalandira digiri amagwira ntchito miyezi 18 pansi pa madokotala akuluakulu, bungwe la Medical Council of Malawi lisanamlole kuima payekha. Tsono amene ife tidayamba kale kumtcha "adokotala" adali asanafike ndi pakati pomwe.

Akatundu atatu

Ndidampeza mwanayo akundidikira pa chipata. Adandilandira katundu, nandipatsa moni ndi manja aŵiri monga adaleredwera, koma ndidaona msanga kuti diresi limene amake adamsokera lidali litamkulira. Tidakhala pa benchi pansi pa mtengo. Sindidafulumire kufunsa. Ndidamfotokozera za kumudzi, za mbuzi imene idaswa aŵiri, za denga la tchalitchi limene tikukonza. Kuona maso a nkhono nkudekha. Dzuŵa litapendeka ndi pamene adayamba kumasula akatundu ake, mmodzimmodzi.

Woyamba adali wa mabuku. Iye amene kuyambira Sitandade 1 sadadziŵepo nambala ina koma yoyamba, adali atalephera mayeso ena a pakati pa chaka. "Amalume," adatero, "zimene ku sekondale tinkaphunzira teremu yathunthu, kuno zimatha sabata imodzi. Thupi la munthu wamkulu lili ndi mafupa 206, ndipo fupa lililonse lili ndi timizere ndi timaenje take, chilichonse ndi dzina lake la Chilatini kapena Chigriki. Ndimaŵerenga mpaka tambala woyamba, koma kukacha m'mutu muli mbee. Anzanga onse adali oyamba kumene achokera. Ena adaphunzira sukulu zapamwamba, Chingerezi chao chimangoyenderera. Ine ndikafuna kufunsa, lilime limauma."

Wachiŵiri adali wa ndalama, ndipo umenewu tidamsenzetsa ndife. Kandalama kamene amalandira kuti adyere ndi kugulira zofunika pa maphunziro, abale ena adali atayamba kale kukapempha. Wina afuna feteleza, wina fizi ya mwana, wina akufotokoza matenda ake pa lamya kuti "adokotala" amuuze mankhwala. Mwanayo, poopa kuoneka wodzikuza, ankatumiza, iye nkumagona ndi tiyi. Nchifukwa chake adaleka kuyankha lamya.

Wachitatu adazengereza kuutula. Adayang'ana manja ake kwa nthaŵi, kenaka adalankhula motsitsa mau. Pasukulupo pali chipinda chimene amasungiramo mitembo ya anthu, yothiridwa mankhwala otchedwa formalin kuti isaonongeke. Ophunzira amaima mozungulira tebulo m'timagulu, natumbula thupilo pang'onopang'ono kwa miyezi, kuti aone ndi maso ao mmene mtsempha uliwonse umayendera. Umu ndi mmene madokotala akhala akuphunzirira m'maiko ambiri kuyambira kale, ndipo boma lidaika lamulo loyendetsa zimenezi. Palibe choipa chimachitikamo.

Koma aŵerengi, kumbukirani kumene mwanayu adachokera. Kwathu mwana saloledwa kuyandikira mtembo. Kusambitsa maliro, kukumba manda ndi kuika ndi ntchito ya adzukulu, ndipo iwonso akatsiriza amayamba asamba asanabwerere pakati pa anthu. Wina aliyense wopezeka akugwiragwira mitembo tili nalo dzina lomtchulira, dzina loopsa limene lapasula midzi yambiri. Mwanayu adaloŵa m'chipinda chija ndi zonsezi m'mutu. Fungo la mankhwala aja linkamtsata mpaka ku chakudya, nyama adaleka kudya, tulo tidamthaŵa.

"Amalume," adandifunsa, "agogo akadzamva kuti manja aŵa amatumbula akufa, adzadyanso nsima yophika ine?"

Ndidakhala chete, pakuti ngakhale ine, mkulu wa mpingo wa zaka zambiri, thupi lidachita tsembwe. Kenaka ndidamkumbutsa kuti thupi la Ambuye wathu lidatsitsidwa pa mtanda ndi kukonzedwa ndi manja a Yosefe wa ku Arimateya ndi Nikodemo, ndipo Mpingo umaŵakumbukira ndi ulemu mpaka lero. Ndidamkumbutsanso kuti m'mudzi mwathu adzukulu sitiŵanyoza, timaŵaphikira nsima ndi kuŵathokoza, chifukwa amagwira ntchito imene ena onse saitha. Pomaliza ndidamfunsa funso limodzi: "Kodi zimenezi wauzako yani pasukulu pano?" Adapukusa mutu. Sadauze munthu.

Makomo amene adali otsegula

Ndidagona kwa mbale wathu wina ku Chilomoni. Loŵeruka m'maŵa nditabwerera ndidampeza ali ndi mtsikana wina wa chaka chachinai, amene adazindikira kale kuti mnzakeyu wasoŵa ku mapemphero a ophunzira ndipo adali atamfunafuna kangapo. Mwana wa eni ameneyu, amene sindidziŵa ndi kwao komwe, adandiphunzitsa zambiri m'maŵa umodzi.

"Abambo," adatero, "palibe mwa ife amene sadalirepo m'chaka choyamba. Ine ndidakomoka tsiku loyamba m'chipinda chija. Koma amatiphunzitsa kuti munthu wagona patebuloyo ndiye mphunzitsi wathu woyamba. Sitimjambula, sitiseka pamaso pake, tikatha timamfunditsa. Tsiku limene ndidzatsegule mimba ya mayi kuti ndipulumutse mwana, dzanja langa silidzanjenjemera chifukwa cha munthu ameneyu."

Kenaka adaŵerenga pa zala zake makomo amene wophunzira watsopano angagogode. Pali aphunzitsi eni ake, amene munthu akalephera mayeso angaŵafikire kuti amuonetse pamene adaphonya. Ambiri amakondwa ndi wofunsa kuposa wokhala chete. Pali ofesi yoona za moyo wa ophunzira, kumene amamva za malo ogona, za fizi ndi za mavuto a kumudzi monga maliro ndi matenda. Pali alangizi amene ntchito yao ndi kumvetsera munthu wolemedwa mumtima, ndipo zimene wanena zimathera m'chipindamo. Pali timagulu toŵerengera pamodzi, anthu anai kapena asanu, wina kufotokoza mtima, wina mapapo, kufunsana mpaka zitaloŵa. Pali bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, limene lidakhazikitsidwa mu 2015, ndipo ngongoleyo amabweza akayamba ntchito. Palinso magulu achikhristu, monga SCOM, imene idayamba mu 1961, ndi CCAPSO ya ana a mpingo wathu.

"Zonsezi amatiuza sabata yoyamba," adapitiriza, "koma sabata imeneyo munthu amakhala akadasokonezeka ndi mzinda, sakumva kanthu. Ndiponso ife amene tidazoloŵera kukhala oyamba m'kalasi timaona ngati kupempha thandizo nkugonja. Kuŵerenga wekha usiku wonse kudatithandiza ku sekondale, koma kuno kumapha. Ubongo umasunga zimene waphunzira pamene uli m'tulo. Ndi bwino kuŵerenga pang'ono tsiku lililonse, kutseka buku, ndi kudzifunsa wekha zimene wagwira."

Ndidaseka mumtima, pakuti zimene mwanayu ankanena ndi zomwe makolo adaziika m'mau aŵiri atatu: safunsa adadya phula.

Nthaŵi yoona odwala itakwana adatitengera ku chipatala, natidutsitsa pafupi ndi nyumba ya amayi oyembekezera ya Gogo Chatinkha mpaka ku mbali ya ana. Adatiuza kuti pa chipatala chomwechi, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, madokotala aŵiri, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, adakonza njira yoyezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo a mu ubongo. Dokotala amaona ngati maso a mwanayo akutsata chinthu, mmene akulirira, ndi mmene akuchitira akamva kuŵaŵa, napereka mapointi kuyambira 0 mpaka 5. Njira imeneyi imagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, ndipo imatchedwa ndi dzina la Blantyre.

Pakhonde lina tidapeza mayi wachikulire akufotokozera wophunzira wina kuti m'thupi mwake mukuyenda chinthu, chimachokera m'chiuno nkukakhala pamtima. Mtsikana uja adakodola mwana wathu. "Wamva? Mabuku ali m'Chingerezi, koma odwala amadwala m'Chicheŵa. Iwe wakulira pakati pa agogo, ukudziŵa kuti mayi akati mwana watsempha akuopa chiyani, ukudziŵa kugwada polankhula ndi wamkulu. Chingerezi udzachipeza, koma chimene uli nachocho ena adzachivutikira zaka." Ndidaona mwana wa mlongo wanga akuŵeramuka pang'ono, koyamba chifikire changa.

Sabata pa Mishoni

Tsiku la Sabata tidakapemphera pa Mishoni ya Blantyre, imene amishoni a ku Scotland adaiyamba mu 1876. Pamenepa pali tchalitchi chodziŵika chija cha St Michael and All Angels, chimene Mbusa David Clement Scott adamanga pamodzi ndi anthu a kuno kuyambira mu 1888 mpaka 1891. Scott sadaphunzirepo za zomangamanga, ndipo amisiri ake adali anthu amene adayamba kuumba ndi kuyala njerwa pa ntchito yomweyo. Komabe nyumbayo, ndi nsanja zake ndi njerwa zake zoumbidwa mosiyanasiyana, yaima zaka zoposa 130.

Ambiri amabwera kudzaona njerwazo, koma malo ameneŵa ali ndi mbiri inanso yokhudza udokotala. Kumayambiriro kwa 1891 mwana wakhanda wa Henry Henderson adagwidwa ndi matenda otseka pakhosi otchedwa diphtheria. Dr. John Bowie, amene adali malume wake wa mwanayo, adaboola pakhosi naikapo kachubu kuti apume, ndipo kachubuko katatsekeka adakayamwa ndi pakamwa pake, akudziŵa bwino chimene chingamgwere. Mwanayo adamwalira, amake adamwalira, Dr. Bowie nayenso adatsatira. Mu 1896 kudafika Dr. Neil Macvicar, amene adayamba kuphunzitsa anyamata a kuno ntchito ya chipatala mwadongosolo. Mmodzi mwa ophunzira ake odziŵika adali John Gray Kufa, amene pambuyo pake adaphedwa ndi boma la atsamunda mu 1915, pa nkhondo ya John Chilembwe. Tinganene kuti mbeu ya sukulu ya ku Mahatma Gandhi idafesedwa pa Mishoni pano.

Titakhala panja pa tchalitchi ndidamsimbira mwanayo za David Livingstone, amene mzindawu udatenga dzina la mudzi wa kwao. Adayamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10, ndipo ndalama zolipirira maphunziro a udokotala ku Glasgow adazipeza ndi manja ake. Ali pa mayeso a umishoni ku England adatumidwa kukalalikira, ndipo ataima pa gome ulaliki wonse udamthaŵa m'mutu, natuluka mwamanyazi. Lipoti la mphunzitsi wake silidali labwino, kotero kuti akuluakulu a bungwe la mishoni adatsala pang'ono kumkana, koma adampatsa nthaŵi ina yoyesedwa. Mu 1840 adalandira chiphaso cha udokotala nanyamuka kubwera ku Africa. Dr. Malekebu nayenso sadafike ku Meharry ndi nzeru zake zokha. Adatsata mphunzitsi wake, Mayi Emma DeLany, amene adamtsegulira njira ku America. Sindidziŵa dokotala amene adadziumba yekha.

Mapemphero atatha tidapereka kalata ija kwa akulu a mpingo. Ngakhale ife ndife a Sinodi ya Nkhoma ndipo iwo a Sinodi ya Blantyre, mpingo ndi umodzi kuyambira pamene Nkhoma idaloŵa mu CCAP mu 1926. Adailandira ndi manja aŵiri. Mayi wina wa Mvano, namwino wopuma pa ntchito, adamgwira mwanayo pa mkono nati, "Mwana wanga, Sabata lililonse nsima uzidzadya kwathu. Ukapanda kubwera ndidzakulondola konko." Kapepala kamene tidakaiŵala m'kabati kwa nthaŵi yonseyi kadampezera mayi tsiku limodzi.

Lolemba m'maŵa ndidamperekeza mpaka pa khomo la alangizi. Ndidafuna kuloŵa naye, monga malume amachitira pa bwalo la milandu, koma mnzake uja adandiletsa mwaulemu, nati m'menemo munthu amaloŵa yekha kuti amasuke. Ndidakhala pa benchi panja, chipeŵa chili pa bondo, kwa ola lathunthu. Atatuluka maso adali ofiira, koma adandifunsa ngati mtedza uja ndi wokazinga kale, pakuti njala idali itamgwira. Apo ndidadziŵa kuti ndingathe kukakwera basi.

Mau kwa makolo ndi mipingo

Sindinena kuti zonse zatha. Mwanayo adatsala pasukulu, adaloŵa kagulu koŵerengera pamodzi, ndipo lamya ayambanso kuimba. Koma zaka zikadalipo zambiri, ndipo kutsogoloku kuli mayeso ena oposa a papepala: tsiku limene wodwala woyamba adzatsirizikire m'manja mwake, ndi usiku umene adzakhale yekha ndi odwala odzaza chipinda.

Nditafika kumudzi ndidaitanitsa mbumba yonse. Tidapangana kuti pasapezeke wina wopempha ndalama kwa mwana wa sukulu, ndipo wodwala apite ku chipatala cha Nkhoma, chimene chakhala chikutithandiza kuyambira mu 1915, osati kuimbira lamya wophunzira. Tidapangana kumtchulanso dzina lake mpaka tsiku limene udokotala udzakhaledi wake. Za chipinda chija ndidakaŵafotokozera agogo ake ndekha, pang'onopang'ono. Adakhala chete nthaŵi yaitali, kenaka adati, "Amene adanditumbula diso langali kuti ndionenso, adaphunzira chomwecho?" Ndidati inde. Adati, "Tsono akabwera andiphikire."

Kwa inu makolo amene ana anu asankhidwa chaka chino, ndikupemphani zinthu zochepa. Musamtumize mwana popanda kalata ya mpingo. Pomuimbira lamya musamangofunsa za mayeso, mfunseninso ngati akudya, ngati akugona, ndi dzina la mnzake amene amacheza naye. Akalephera mayeso musamkalipire ngati waba. Muuzeni apite kwa aphunzitsi ake. Mukamva kuti wasiya kudya, akudzipatula, kapena akulankhula zotaya mtima ndi moyo, musadikire tchuthi. Nyamukani, ndipo muonetsetse kuti waonana ndi alangizi kapena dokotala, pakuti matenda a maganizo ndi matenda monga ena onse, ndipo amachizika.

Kwa inu mipingo ya m'mizinda, ya ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, yang'anani pa mabenchi a kumbuyo. Anyamata ndi atsikana amene amaloŵa mochedwa ndi kutuluka msanga aja ndi ana a mbumba za kutali, ndipo ena mwa iwo sadamve munthu akuŵatchula dzina sabata yonse. Amayi a Chigwirizano ndi a Mvano, mbale imodzi ya nsima ingasunge dokotala amene dziko lino likumsoŵa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndipo m'mapemphero a pabanja madzulo, pamene titchula odwala, tizitchulanso ana amene akuphunzira kuŵachiza. Luka, amene adatilembera Uthenga Wabwino ndi Machitidwe a Atumwi, adali sing'anga, ndipo nayenso lidalipo tsiku limene adali wophunzira wosadziŵa kanthu.